Njinga ya a Lackson Ikagona Pansi

Alamu anga a Lackson Miti ndi munthu wofatsa, woti ngakhale nkhuku yolowa m'nyumba amaipempha kuti ituluke, koma kwa zaka zambiri ana a m'midzi yathu ankathawa akawaona. Ine ndinkawauza pamaso kuti vuto ndi nkhope yawoyo, njamaliro. Iwo ankangoseka n'kunena kuti, "Aphunzitsi, nkhope yomweyi ndi imene inagwetsa asisi anu." Ndipo n'zoona. Asisi anga a Anna, oyamba kubadwa kwathu, anawakonda a Lackson akali mnyamata woonda ngati nsungwi, wopanda ng'ombe, wopanda ngolo, chuma chake chonse chili njinga imodzi.

Kwathu ndi kumwera kwa Sinda, ukasiya tala n'kulowa msewu wafumbi wopita chakumalire a Mozambique. Kumeneko maliro sanena mwini wake. Munthu akamwalira, anamfedwa amakhala pansi, ndipo amene amayendayenda ndi adzukulu, anthu ogwira ntchito za pamaliro: ena kukumba manda, ena kunyamula bokosi, ena kupereka uthenga kwa abale. A Lackson khasu lakumanda sankaligwira kwenikweni. Chawo chinali njinga ndi pakamwa.

Anali ndi kachitidwe kawokawo. Akafika pakhomo la munthu sankaliza belu, sankaodira ali kutali. Ankatsika mwakachetechete, n'kuigoneka njingayo pansi m'mphepete mwa bwalo. Kenako ankavula chipewa n'kunjuta. Mpando ankaukana, madzi akumwa ankawakana mpaka atamaliza chimene abwerera. Mawu oyamba sankasintha: "Pepani eni khomo, ndatumidwa. Kwagwa zovuta." Akatero ankapuma kaye kuti mitima ikonzeke, kenako n'kutchula mudzi, n'kutchula dzina la womwalira, n'kutchula amene wawatuma. Koma tsiku limene angobwera kudzacheza kapena kudzabwereka pampu, njinga ankaiyedzamiritsa pamtengo. Ndiye ana athu anakula akudziwa kuyang'ana njinga asanayang'ane munthu.

Lamulo lawo linali limodzi, ndipo pa limeneli anali ouma ngati mwala wa pamtsinje. Sankanena za imfa imene sanaione ndi maso awo, kapena imene mwini maliro sanawatume pamaso. Uwauze pamsika kuti auje atisiya, iwo ankangoti, "Kandimverere anakanena za m'maluwa," n'kupalasa kukaona okha. Chifukwa cha zimenezi, mawu awo ankalemera. Mawu ake enieninso anali odziwika: aakulu, ochedwa, okhala ndi kamluzu kakang'ono kotulukira pamene panaguluka dzino. Kutchalitchi kwathu kwa Reformed akayamba kuimba, ana ankagwirana m'nthiti.

Nyumba yawo anamanga kwayokha, kutsidya kwa kamtsinje, pafupi ndi dimba lawo la repu ndi matimati. Ine ndinkawanena kuti akuthawa alendo. Iwo ankati akuthawa mbuzi za anthu. Popeza paulendo wa uthenga sankadya pakhomo la munthu, asisi anali ndi chizolowezi chowakazingira mtedza, n'kuumanga m'kapepala, n'kuuika m'thumba la jekete asanakwere njinga. "Mukakomoka panjira adzakulengezani ndani?" ankatero asisi. Banja lawo linali lotero, la mawu ochepa ndi timanthabwala tosaseketsa anthu ena.

Kenako kunabwera mafoni aja osisita ndi chala. Ine sindidana ndi foni, musandimve molakwika. Foni inatithandiza. Mtengo wa mtedza ku Katete tinayamba kuudziwa tisanakweze matumba pangolo, ndipo mavenda anasiya kutipusitsa. Achinyamata anatsegula gulupu ya pafoni ya dera lathu lonse, mmene munalowa aliyense, ngakhale abale athu a ku Lusaka, a ku Vubwi ndi a kutsidya ku Malawi. Koma abale, mwambo unathera m'menemo. Munthu angotsirizika kumene, thupi lisanazizire, wina wajambula kale n'kuponya pagulupu. Mayi wina wa kwa Chimwala anadziwa za imfa ya mwana wake poona chithunzi cha nsapato zake pamsewu. Zimene zija zinatipweteka tonse.

Akulu a mpingo ndiwo anapempha a Lackson kuti aziwerengera okha uthenga wa maliro pafoni, ndipo wina aliyense asamayambe iwo asanalankhule. Mwana wawo Chifundo, amene amagulitsa m'sitolo ku Katete, anawagulira foni n'kuwaphunzitsa podina. Ha, ndikanakonda mukanawaona! Munthu wamkulu kuvula chipewa, kunjuta pabwalo pake pomwe, foni ili pakamwa, nkhuku zikumuyang'ana: "Pepani eni khomo, ndatumidwa."

"Alamu," ndinawafunsa tsiku lina, "mukuvulira ndani chipewa? Foni ili ndi maso?"

"Ilibe," anatero. "Koma amene akumvayo ali ndi mtima."

Zinayenda bwino ndithu. Mawondo awo anapuma, njinga inayamba kunyamula manyowa, ndipo uthenga umene kale unkatenga masiku unkafika ku Kitwe madzi asanawire. Pagulupu pankabwera zambiri zachabe, za mankhwala ochiza matenda onse, za mavidiyo a ndewu za kumaiko ena zonamiziridwa kuti zachitika ku Chipata, koma anthu ankadziwa kusiyanitsa. Ankati zinazo ndi za pafoni, koma a Lackson akanena ndiye kuti zachitika. Palibe mwa ife anaganiza kuti chinthu chimene anthu onse amachikhulupirira ndicho chimene wakuba amachiyang'ana. Walira mvula walira matope.

Chaka china kansala wa wadi yathu anamwalira, ndipo kunaitanidwa masankho apadera. Anaima anthu atatu. Awiri anali abambo, wachitatu anali Taonga Njobvu, mwana wa aNambewe a kwa Chimwala, mayi wolankhula mosapsatira amene anatsogolerapo kopaletivu ya alimi a mtedza. Amene ine ndinkamufuna sindikuuzani, chifukwa ndinali mmodzi wa ogwira ntchito ya masankho pasukulu yathu ndipo ndinalumbira. Kutatsala sabata, a wailesi ya m'dera anakonza mtsutso pabwalo la sukulu. Chimkuzamawu chinakana kulira, ndiye anthu anakuwa kuti a Lackson aziitana mayina, poti mawu awo safuna batire. Anaimirira, n'kutchula mayina atatu aja bwinobwino, mobwereza. Mafoni anali m'mwamba mbwee, aliyense akujambula.

Tsiku lovota linali Lachinayi. Ntchito yanga inali yopaka inki pachala. Tinatsegula dzuwa likutuluka, mzere uli wautali mpaka pamjigo, amayi atabereka ana, madala atagwira mareji awo, ziphaso za unzika, m'timapepala ta pulasitiki. Zinkayenda mwamtendere. Kenako ndinamva mayi wina panja akuti, "Mayo ine!" Wina anayankha chakumapeto kwa mzere. Ndinasuzumira pawindo, n'kuona anthu ataunjikana timagulutimagulu, mitu ili pamodzi, akumvetsera foni. Amayi anayamba kumanganso zitenje. Posakhalitsa mzere wonse unali balala, anthu akulowera njira ya kwa Chimwala.

Uthenga unali wa mawu a a Lackson. Unkati kwagwa zovuta kwa Chimwala, Taonga Njobvu watisiya, wagwa panjinga yamoto pamlatho m'bandakucha. Pambuyo pake panabwera wina, wa munthu wosadziwika wolankhula ngati wa ku ofesi, wonena kuti poti mmodzi wa opikisana wamwalira, masankho aimitsidwa, anthu abwerere kwawo.

Mkulu woyang'anira malo athu ovotera anali bambo wa ku Katete, munthu wabwino koma mlendo. Anaimba kuboma, anamuuza kuti kulibe lipoti la imfa iliyonse ndipo kuvota kupitirire. Anatuluka n'kukuwa zimenezo pakhonde mpaka mawu kusasa. Ndani akanamumvera? Iyeyo anthu anamudziwa dzulo, a Lackson anawadziwa chibadwire. Ndiponso musawaone ngati opusa anthu a kwathu. Kwathu maliro akagwa, khasu limagona, wa kuchigayo amabwerera panjira. Maliro n'kulirana. Munthu angaime bwanji pamzere ndi kakhadi kovotera m'manja, mwana wa mnzake atagona? Anachoka chifukwa cha ulemu, ndipo amene anapanga bodza lija ankaudziwa ulemu wathuwo. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chimenecho.

Dzuwa litakwera, m'kalasi muli zii, ndinamva kulira kwa tcheni cha njinga chimene ndinkachidziwa. A Lackson anafika akuimba kanyimbo ka m'kamwa, matope a kudimba ali m'miyendo. Anali atalawirira kukathirira repu, foni ataisiya kunyumba ikutchaja pa sola, n'kubwera njira yachidule yosadzera kwa Chimwala. Anayedzamiritsa njinga pamtengo wa mango n'kudabwa.

"Kodi anthu avota kale onse?"

Wapolisi amene anali pakhomo anavula kapusi. "Pepani mdala, ndi zovuta zija mwalengezazi."

"Zovuta ziti?"

Wapolisi anawayang'ana, kenako anatulutsa foni yake n'kuwatsegulira. Ine ndinali nditaima pakhomo, botolo la inki lili m'manja. Ndinawaona alamu anga akumvetsera mawu awo omwe. Mawu aakulu aja, kupuma kuja pambuyo pa "kwagwa zovuta", ngakhale kamluzu ka padzino kanalimo. Anapempha kuti awabwerezere. Atamvanso kachiwiri anakhala pansi pa sitepe, chipewa chili pabondo.

"Mawuwa ndi anga," anatero motsitsa. "Koma ine sindinanene."

Ndinamva chisoni chimene sindinawamverepo chiwadziwireni. Ndinawauza kuti athamangire kunyumba akatenge foni, akauze anthu kuti ndi bodza, Taonga ali moyo. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

"Mlamu, iwe wamuona Taonga?"

"Ayi, koma..."

"Nanenso sindinamuone. Chimene ndikudziwa n'choti sindinanene. Kuti ali moyo sindikudziwa. Ndikanena, n'kupezeka kuti wagwadi pamlatho?"

Ndinapsa mtima, ndinawauza kuti uku n'kuuma mutu, dzuwa silidikira munthu. Iwo anadzuka, analowa m'kalasi, anapereka reji ndi khadi, ine n'kuwapaka inki. Anavota. Mkulu woyang'anira uja anawachenjeza kuti lero si tsiku la kampeni, asakatchule woti anthu amuvotere. Iwo anati zimenezo sanazichitepo. Anakwera njinga n'kulowera kumwera.

Taonga anali kumudzi kwa mwamuna wake, kuseri kwa phiri, kumene analembetsa kuvota ndiponso kumene netiweki imagwira ukakwera pachulu. Nkhani ya imfa yake inamupeza mochedwa. Atamva, anakwera pachulupo n'kutumiza mawu ake pagulupu: "Ndine Taonga, ndili moyo, pitani mukavote." Mukudziwa chimene anthu anayankha? Ati awa ndiye mawu opangidwa ndi makina, anthu ake akufuna tivotere mtembo. Mwini wake wamoyo anamukana, n'kukhulupirira a Lackson amene sanalankhule. A wailesi nawo anatsutsa nkhaniyo chakumasana, koma pamaliro satsegula wailesi.

Alamu anakumana ndi Taonga panjira, iye akubwera panjinga yamoto. Anamuimitsa, anamugwira dzanja, n'kumuyang'ana bwinobwino. Ndiye anagawana njira. Taonga anathamangira kwa mayi ake, kumene anapeza mipando itatulutsidwa kale m'nyumba, amayi a Chigwirizano cha mpingo akuimba, abambo akusonkha moto pabwalo. Atatsika n'kuvula chipewa cha njinga yamoto, amayi ena anathawira m'chimanga, wina anasiya mwana pamphasa. ANambewe okha ndiwo sanathawe. Anadzuka, anamumenya mwana wawo khofi patsaya, kenako anamukumbatira osafuna kumusiya. Akuluakulu anakhala kakasi, chifukwa palibe ankadziwa chimene chimachitika ndi moto wa maliro a munthu wamoyo.

A Lackson anayamba mudzi ndi mudzi. Anandiuza pambuyo pake kuti chimene chinawavuta kwambiri chinali mawu oyambira. Moyo wawo wonse ankadziwa kunena kuti munthu wapita. Kunena kuti munthu alipo, mwambo sunawasiyire mawu. Ndiye anapeka awo. Ankafika akuliza belu, chinthu chimene sanachitepo, n'kuimika njinga pamtengo poonekera.

"Pepani eni khomo, sindinatumidwe, ndadzituma ndekha. Taonga mwana wa aNambewe ali moyo. Ndamuona ndi maso angawa, ndamugwira dzanja. Mawu a m'mawa aja si ine. Kusukulu kukuvotedwa." Akatero ankakweza chala cha inki chija.

Ena analulutira. Ena anangowayang'ana. Bambo wina anawafunsa pamaso pa ana kuti, "Nanga m'mawa muja munanenanji? Akudyetsani chiyani, mdala?" Iwo anangopita khomo lina. Midzi ndi yambiri, miyendo ndi iwiri. Chakumadzulo anthu anayamba kubwerera kusukulu, ena akuthamanga, thukuta lili kamukamu. Koma ambiri anali atabalalika kale, ena atapita kukauza abale kutali, ena atangokhumudwa n'kukhala kunyumba. Nthawi yotseka itakwana tinatseka. Ndimakumbukira gogo wina wamwamuna amene anafika titatseka kumene, khadi lili m'manja, n'kuima akuyang'ana chitseko chotseka.

Taonga sanapambane. Anatsalira pang'ono. Kaya akanapambana pakanapanda bodza lija, ine sindikudziwa, inunso simungadziwe, ndipo amene anapambana sindingamuloze chala chifukwa ndilibe umboni. Mwina naye anadabwa ngati ife. Koma taonani chimene chinatsala: kansala amene theka la wadi limati anaba, ndi theka lina limene limati enawo akungolira. Munthu wotero angaitane msonkhano wa mlatho anthu n'kubwera? Taonga anakadandaula, apolisi analemba zonse, koma nambala imene inayambitsa uthenga inazima tsiku lomwelo. Chifundo anatifotokozera kuti mwina anadula mawu a bambo ake a pamtsutso paja ndi a m'mauthenga akale n'kuwasoka pamodzi ngati zigamba, kapena anagwiritsa ntchito zina za pakompyuta zimene zimaphunzira mawu a munthu n'kumalankhula ngati iye. A Lackson anamvetsera mpaka kumapeto, n'kufunsa funso limodzi lokha: "Ndiye angachitenso mawa?" Chifundo anati inde.

Lamlungu lotsatira, nthawi ya zolengeza, anaimirira m'tchalitchi. Sanadandaule, sanatemberere munthu. Anati, "Abale, kuyambira lero, mukamva mawu anga nkhope yanga palibe, si ine." Foni anaibweza kwa Chifundo. Njinga anaipukuta, anagula matayala atsopano ku Sinda, n'kuyambiranso ntchito yawo yakale ndi mawondo a munthu wokalamba. Za pagulupu anazitenga a Collins Mvula, mlembi wa mpingo, munthu wokhulupirika bwino, koma mawu ake anthu ankawamva ngati mawu ena onse.

Asisi sanadandaule. "Bola njinga," ankatero. "Foni ija inkakunenepetsani, mumangokhala pakhomo kumandiwerengera nkhuku." Anayambiranso kukazinga mtedza. Koma ine ndinkaona kuti akawaperekeza ndi maso potsetsereka kumtsinje, ankaima nthawi yaitali.

Mudzi sunabwerere mwakale. Anyamata opanda nzeru anaona kuti n'zotheka, nawonso anayamba kupha anthu pagulupu mwamasewera: lero wogulitsa nyama, mawa mphunzitsi mnzanga. Anthu anaphunzira kudikira, ndipo anaphunzira mopitirira. Uthenga woona wa katemera wa ng'ombe unabwera, anthu anati ndi feki, ng'ombe zinafa. Itafika nthawi yolembetsa ovota atsopano, ndinayenda ndekha kuuza makolo a ana anga a sukulu. Mayi wina anandiyankha akupeta chimanga, osandiyang'ana n'komwe: "Aphunzitsi, amene adzapambane adzapambana pafoni. Ife tivutikirenji?" Asa! Ndinafuna kumulanda lichero. Koma ndikanamuuza chiyani? Anaimapo pamzere, anamuchotsapo ndi maliro abodza. Wakuba uja sanangoba tsiku limodzi. Anatisiya tili anthu osadziwa chomvera.

Asisi anamwalira mwezi wa June, nthawi yokolola mtedza. Sanadwale. Dzulo lake anali kuchigayo, akuseka ndi anzawo, ndipo madzulo anadutsa kwanga kudzanditenga kuti ndikawathandize kuthothola mtedza m'mawa mwake. Ndinagona komweko. M'mawa tikuyala mtedza pabwalo anati mutu ukuwawa, anakhala pansi atatsamira nkhokwe, n'kundiitana dzina langa kamodzi. Pamene alamu ankafika kuchokera kudimba, anali atapita. Mayi anga anandibereka, koma amene anandilera ndi asisi. Ndinalira mpaka mawu anatha, koma nyumba ija ili kwayokha, kulira kwanga kunathera mumtsinje.

Ndinaimbira Chifundo, ndinaimbira a Collins. A Collins anatumiza uthenga pagulupu mwaulemu wonse, n'kubwera ndi akazi awo ndi amayi awiri a Chigwirizano. Tinawasambitsa asisi, tinawagoneka, tinatulutsa mipando. Kenako tinakhala n'kumayang'ana njira yochokera kumtsinje.

Dzuwa linakwera. Njira ili zii.

A Collins anandionetsa foni mobisa. Anthu ankayankha ndithu, koma ankati: "Anna tinali naye dzulo kuchigayo." Wina anati, "Anthu oipa inu, mdala uja simunamukwanebe? Tsopano mwayamba mkazi wake?" Winanso anati, "Tisapite, tingakawalirenso amoyo ngati kwa aNambewe. A Lackson akabwera okha tidzamva." A Collins anaimbira ena mmodzimmodzi, koma anthu ankati nawonso mawu a a Collins angathe kupangidwa. Sanakhale chifukwa chodana nafe, ayi. Anakhala chifukwa chowakonda alamu, posafuna kuwachititsa manyazi kachiwiri. Ndinakwiya, koma ndinasowa womukwiyira.

Alamu anali atakhala pansi pakhonde, pamalo a namfedwa. Sanafunse chimene chinali pafoni. Anangoyang'ana njira, n'kuyang'ana bwalo lopanda anthu. Kenako anadzuka, analowa m'nyumba, n'kutuluka atavala jekete ndi chipewa.

"Alamu, mukupita kuti?"

"Kukanena."

"Simungatero! Mwini maliro sanena yekha, inu mukudziwa kuposa tonse. A Collins apita ndi njinga yawo."

"A Collins anena kale," anatero. "Anna wakhuza maliro a midzi yonseyi. Sangagone yekha m'nyumba ngati mlendo."

Ndinagwira chiwongolero cha njinga. Iwo sanalimbane nane, anangoika dzanja lawo pa langa mpaka ndinasiya. Pofuna kukwera anapisa m'thumba la jekete, monga ankachitira nthawi zonse, n'kuima. Anatulutsa kapepala komangidwa, ka mtedza wotsala paulendo wapita. Anakayang'ana, anakabwezera m'thumba, n'kutsetserekera kumtsinje akukankha njinga.

Zimene zinachitika kutsidya anandiuza ndi aNambewe, chifukwa khomo lawo ndilo loyamba ukawoloka. Akuti anali pabwalo ndi Taonga ndi amayi ena, akukambirana za uthenga womwewo, atagwirizana kuti ndi bodza. Ataona a Lackson akubwera anasangalala, ena anayamba kuseka, akuti onani, abwera kudzatsutsa. Onse anayang'ana mtengo wa pabwalo, kudikira kuti njinga iyedzamire.

A Lackson anaupitirira mtengowo. Anafika m'mphepete mwa bwalo, anaigoneka njinga pansi, anavula chipewa, n'kunjuta. Anatsegula pakamwa. Akuti anangoti, "Pepani eni khomo," mawu n'kuthera pomwepo.

Ife kutsidya kuno tinamva kulira kukuyamba kwa Chimwala. Patapita kanthawi kunayankha mudzi wa kumtunda, kenako wina kuseri kwake. Anyamata a kwa Chimwala anakwera njinga zawo n'kumwazikana, aliyense akunena kuti waona ndi maso ake. Dzuwa lisanapendeke, njira ya kumtsinje inadzaza anthu, amayi atasenza nkhuni ndi ufa, abambo atanyamula makasu. Patsogolo panali alamu akuyenda wapansi, Taonga atawagwira mkono. ANambewe atafika anagwada pafupi nane n'kunena kuti, "Tinamva m'mawa, mwanawe. Tinamva, koma tinaopa."

Njinga ija inatsala pabwalo la aNambewe, chigonere pansi. Ana ankailambalala popita kumjigo, ndipo palibe anaidzutsa mpaka titaika asisi.